Boroma, Songo, Chicoa kapena Zumbo: mupite kuti ngati mukufuna madzi ndi mbiri yakale?

Ife a kumapiri kuno, ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, munthu akati akupita kunyanja timangodziwa kuti awolokera pa Calómuè n'kulowera ku Salima kapena ku Mangochi. Timaiwala kuti m'chigawo chathu chomwechi cha Tete muli nyanja yotalika makilomita pafupifupi 250, kuyambira pakhoma la damu la Cahora Bassa mpaka kukagunda malire a Zambia ndi Zimbabwe ku Zumbo. M'mphepete mwa nyanjayi ndi mwa Zambezi muli midzi imene munthu ungathe kuwedza nsomba m'mamawa, madzulo n'kukhala pansi pa mlambe akuluakulu akukufotokozera za Achikunda ndi amalonda a minyanga. Malo anayi amene anzanga aphunzitsi ndi a m'makwaya amandifunsa kawirikawiri ndi Boroma, Songo, Chicoa ndi Zumbo. Onsewa ndinafikako, ndipo sakufanana m'pang'ono pomwe.

Musanasankhe, yambani mwawerenga masiku amene muli nawo, chifukwa ndi amene akulamulireni kuposa ndalama. Kenako onani amene mukupita nawo. Ulendo wa anyamata anayi a mbedza si ulendo wa ana a sukulu makumi atatu, ndiponso si wa agogo a miyendo yotupa. Chachitatu ndi nyengo, ndipo apa pali kukanganirana kwenikweni. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kuchigwa kumakhala bwino, dzuwa silipsereza, misewu yafumbi ndi youma. Koma mcheni, nsomba ya mano akuthwa imene owedza amaipitira kutali, imadya nyambo kwambiri madzi akayamba kufunda, cha mu Seputembala mpaka Novembala, nthawi imene kutentha ku Tete kumapyola madigiri 40. Ife ozolowera chisanu cha ku Ulónguè timavutika nako kumeneku. Kuyambira Disembala mpaka Malichi, mvula ikagwa, malo awiri mwa anayiwa, Chicoa ndi Zumbo, mungowaiwala.

Malo aliwonse ndawayesa pa zinthu zinayi: mtengo, kafikidwe ndi zopezekako, zofunika kusamalira, ndi zoopsa.

BOROMA

Ndi mishoni ya São José, pakaphiri koyang'ana Zambezi, makilomita pafupifupi 25 kumtunda kwa mzinda wa Tete. Ansembe a Chijezuiti anayamba ntchito kuderali mu 1885. Mmodzi mwa iwo, bambo Victor Courtois, ndiye analemba galamala ndi dikishonale ya Chinyungwe, ndipo Mchewa aliyense akamva anthu a ku Boroma akuyankhula amazindikira msanga kuti ndi abale athu, mawu ambiri tikumvana. Ajezuiti anathamangitsidwa ufumu utagwa ku Portugal mu 1910, koma tchalitchi chawo chachikulu chija chilipobe, ndipo ukachiona chitatulukira pakati pa milambe ndi tchire louma umaima kaye.

Mtengo: ndi wotsika kuposa konse. Ndalama yaikulu ndi ya chapa, minibasi ija, yochokera kwanu kukafika ku Tete, kwinako n'kochepa. Kamba mutha kunyamula. Ngati muli ndi achibale ku Matundo kapena ku Moatize, ngakhale ya malo ogona simulipira.

Kafikidwe: mumapita m'mawa n'kubwerera tsiku lomwelo. Zamasewera n'zochepa: kukwera kaphiriko, kuyenda m'mbali mwa mtsinje, kuona asodzi akupalasa mabwato, kutola masau ikakhala nyengo yake. Amene akufuna kuthera tsiku lonse pamadzi sakhuta kuno.

Zosamalira: pafupifupi palibe, kupatula madzi akumwa okwanira ndi ulemu. Awa ndi malo opempherera komanso pali sukulu, choncho fikirani kwa oyang'anira, perekani moni, nenani chimene mwadzera. Nyumba zina n'zakale kwambiri, ana asakwere pamakoma.

Zoopsa: dzuwa ndi ng'ona. Madzi a Zambezi pamenepa amaoneka odekha, mchenga wake woitana, koma musalole mwana kulowamo ngakhale mpaka m'mawondo.

SONGO

Songo si mudzi wakale. Ndi tauni imene inamangidwira anthu ogwira ntchito pa damu, pamwamba pa mapiri, makilomita pafupifupi 150 kuchokera ku Tete. Mbiri yake ndi ya dzulodzuloli koma ndi yolemera. Ntchito yomanga damu inayamba mu 1969, nkhondo yomenyera ufulu ili mkati, Frelimo itatsegula kale nkhondo m'chigawo cha Tete mu 1968. Khoma linatha mu 1974: mamita 171 kutalika kwake, mamita 303 kuchokera tsidya lino kufika tsidya lina pamwamba pake. Makina asanu opukusa magetsi ali m'phanga limene anakumba mkati mwa thanthwe, ndipo onse pamodzi amatulutsa mamegawati 2,075. Gawo lalikulu la magetsiwa limayenda pa nthambo za makilomita oposa 1,400 kupita ku siteshoni ya magetsi ya Apollo, pafupi ndi Johannesburg. M'nkhondo yapachiweniweni nsanja zambiri za nthambozi zinagwetsedwa, ndipo magetsi anayambanso kuyenda bwino chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Mu Novembala 2007 m'pamene Mozambique inatenga gawo la 85 pa 100 la kampani ya HCB, imene imayendetsa damuli, kuchokera m'manja mwa Portugal.

Dzina lakuti Cahora Bassa n'lakale kuposa damu. Opalasa mabwato a makedzana akafika pa mathithi a pamenepa ntchito yawo inkathera pompo, chifukwa bwato silikanatha kupitirira, ndipo m'Chinyungwe basa ndi ntchito. David Livingstone anafika ndi sitima yake ya Ma Robert mu 1858 akuyembekeza kuti Zambezi ikhala msewu wolowera pakati pa Africa. Mathithi omwewa anamubweza, n'chifukwa chake mu 1859 anakhotera ku mtsinje wa Shire. Ana a sukulu amene amamva za mishoni za ku Malawi amadabwa ndikawauza kuti nkhaniyo inakhotera pompano, pansi pa madzi amene akuwaonawo.

Mtengo: ndi wapakatikati ngati mugona m'nyumba za alendo za m'tauni n'kumadya m'mabaraka, timalo togulitsa zakudya. Umakwera kwambiri mukasankha malo ogona a m'mphepete mwa madzi amene anamangidwira alendo odzawedza ochokera kunja, chifukwa boti la injini, mafuta ndi woyendetsa zimalipiridwa padera.

Kafikidwe: msewu ndi watala, chapa zimayenda tsiku ndi tsiku kuchokera ku Tete. Makilomita omaliza ndi chitunda chokhotakhota. Kumtundako kumazizirirako kusiyana ndi kuchigwa, ndipo kuli magetsi, chipatala, banki ndi netiweki. Koma kuona damu lenilenilo, makamaka kulowa kumakina, kumafuna chilolezo cha HCB. Gulu lilembe kalata pasadakhale, pasakhale zongotulukira pachipata ndi basi yodzaza ana. Aliyense akhale ndi BI yake, chiphaso cha unzika, m'thumba.

Zosamalira: galimoto, makamaka mabuleki ndi madzi a mu injini, chifukwa chitundacho chimayesa zonse ziwiri, pokwera ndi potsika. Pa malo ena kujambula n'koletsedwa, funsani kaye.

Zoopsa: n'zochepa kuyerekeza ndi kwina. Pafupi ndi damu nyanja ndi yopapatiza, yakuya, ya magombe a matanthwe otsetsereka. Si posambira.

Chimene Songo ilibe ndi moyo wa m'mudzi. Mudzaona ntchito yaikulu ya manja a anthu, koma mwina simudzakumana ndi munthu amene munda wa makolo ake unamira.

CHICOA

Anthu amenewo mudzawapeza ku Chicoa. Dzinali tonse timalidziwa chifukwa cha nsomba zamchere zong'amba pakati zimene timagula m'misika ya ku Ulónguè ndi ku Tete, koma ochepa anafikako. Mumadutsa pa Chitima n'kupitirira kumadzulo mpaka pamene nyanja yatambasuka, tsidya lina n'kumaoneka ngati utsi. Chicoa yakale ili pansi pa madzi. Nyanja itayamba kudzaza kumapeto kwa 1974, anthu zikwizikwi a m'chigwachi anali atasamutsidwa m'midzi yawo ya m'dambo lachonde n'kuikidwa m'midzi yokakamiza ya atsamunda, pamtunda pouma. Kale kwambiri, Apwitikizi anavutika zaka zambiri kufunafuna migodi ya siliva imene ankamva kuti ili ku Chicoa. Gatsi Rusere, mfumu ya ufumu wa Mwenemutapa, anawapatsa migodi ya m'dziko lake mu 1607, Diogo Simões Madeira anadzamanga linga kuno, koma chuma chimene ankayembekezacho sichinaoneke.

Usiku wanga woyamba kumeneko sindidzauiwala. Dzuwa litangolowa, zombo za kapenta zinayamba kuyatsa nyali chimodzichimodzi pamadzi, mpaka nyanja yonse inaoneka ngati mzinda. Majenereta ankamveka chapatali ngati njuchi. Kutacha kapenta anali atayalidwa pa thandala, akung'anima, amayi akumutembenuza ndi manja, ena akung'amba nsomba za pende n'kumathira mchere. Bambo wina wachikulire amene ndinakhala naye pamkeka analoza ndi ndodo pakati pa madzi, pamene panalibe kanthu kooneka, nati, "Apo m'pamene panali manda a kwathu." Kenako anandifunsa ngati kwathu mbatatesi yachita bwino chaka chimenecho.

Kapentayo naye ndi mlendo. Kwawo ndi ku nyanja ya Tanganyika. Anamubweretsa ku Kariba mu 1967 ndi 1968, iye n'kutsika yekha ndi mtsinje kudzakhazikika kuno.

Mtengo: chakudya ndi malo ogona n'zotsika, nsomba ndiye yosanena. Chimene chimadya ndalama ndi boti. Apa ndikuchenjezeni ndi zimene zinandionekera. Tinagwirizana mtengo ndi mwini boti wina, tinayenda bwino tsiku lonse, koma pobwerera anati mtengo uja unali wa boti lokha, mafuta tilipire padera. Tinakangana pagombe anthu akuonerera, ndipo zinandiwawa chifukwa tsikulo linali lokoma. Nenani zonse poyera musanakwere: boti, mafuta, maola, ndi kumene mukafike, pakhalenso mboni ya pamudzipo.

Kafikidwe: kupyola Chitima magalimoto amachepa, ndipo ambiri ndi onyamula nsomba. M'dzinja msewu umavuta. Malo ogona ndi wamba, madzi a m'chidebe, chimbudzi chokumba. Nyamulani ndalama m'manja, chifukwa wa M-Pesa kapena e-Mola mutha kumupeza koma iye alibe zokupatsani.

Zosamalira: apa m'pamene pali ntchito. Neti yoteteza udzudzu, mankhwala othira m'madzi akumwa, chipewa, tochi. Owedza atenge waya womangira kumbedza, chifukwa mcheni umadula ulusi ngati lumo. Pansi pa madzi pali mitengo imene inamira, imakola mbedza ndi kuswa mapulopela. Usodzi wamasewera umafuna chiphaso, ndiye funsani ku ofesi ya boma ya SDAE, yoona za ulimi, usodzi ndi malonda, mufunsenso ngati si nthawi imene nyanja yatsekedwa. Mukafika, kaonekereni kwa amfumu kapena kwa mlembi wa dera. Safunsa anadya phula.

Zoopsa: zilipo zenizeni. Mvuu zimagubuduza mabwato, ng'ona zimadikira pamadooko pamene anthu amatunga ndi kuchapa. Mphepo ikadzuka masana, nyanja yotambasukayi imautsa mafunde amene bwato lodzaza silingapirire, ndipo majekete oyandamitsa sapezeka kawirikawiri. Ngati mungathe, bwerani ndi anu. Madzi osayenda a m'mphepete ali ndi likodzo, malungo ndi ochuluka kuposa kwathu kumapiri, ndipo m'misasa ya asodzi matenda otsegula m'mimba amafala msanga.

ZUMBO

Mtima wanga uli kuno, n'chifukwa chake ndiyenera kusamala kuti ndisakunamizeni. Zumbo ndi kumathero a Mozambique chakumadzulo, pamene Luangwa amathira mu Zambezi. Ukaima pagombe, kutsidya kwa Luangwa ndi tauni ya Luangwa ya ku Zambia, imene akuluakulu amaitchabe Feira, ndipo kutsidya kwa Zambezi chakumtunda ndi Kanyemba wa ku Zimbabwe. Maiko atatu m'diso limodzi. Pamsika mumamva Chikunda, Chinsenga, Chinyanja ndi Chipwitikizi, ndipo kwacha ya Zambia imayenda limodzi ndi metikali.

Amalonda ochokera ku Goa ndi ku Tete anakhazikitsa msika pano kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700, kugula golide ndi minyanga. Chilala ndi nkhondo ndi mafumu a m'derali, monga Mburuma, zinaufooketsa mpaka unasiyidwa m'zaka za m'ma 1830. Livingstone podutsa mu Januwale 1856 anapeza mabwinja a tchalitchi ndi belu losweka. Apwitikizi atabwereranso, mphamvu zenizeni zinali m'manja mwa eni magulu a Achikunda a mfuti, monga José do Rosário Andrade, amene anthu ankamutcha Kanyemba, ndi José de Araújo Lobo, Matekenya. Iwowa ankasaka njovu, ankagwiranso anthu ukapolo, ndipo midzi ya Ansenga ndi Achewa inalira nawo. Dzina la Kanyemba lija latsala pa tauni ya kutsidya. Pangano la 1891 la Britain ndi Portugal ndi limene linaika malire pa Luangwa, n'kulekanitsa Zumbo ndi Feira, midzi imene inali ngati khonde ndi bwalo la nyumba imodzi.

Palinso nkhani imene imatikhudza ife a ku Angónia. Mu Novembala 1835, tsiku limene kadamsana anadetsa dzuwa masana, Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi chakufupi ndi kuno. Amenewa ndi makolo a Angoni a Mpezeni ndi a M'mbelwa. Athu a Maseko anadzera njira yawo, koma ndi mtundu umodzi wothawa nkhondo imodzi, ndipo ine nditaima pamphepete pamenepo ndinalingalira za amayi obereka ana kumbuyo, ng'ombe zikulira, madzi akewo ndi amenewa.

Kutsidya kwa Zambezi, ku Bawa, n'kumene kunayambira Tchuma Tchato cha m'ma 1990, ndondomeko yoti anthu a m'midzi azipindula ndi nyama zakutchire za m'dera lawo. Dzinalo silifuna womasulira, ndi chuma chathu. Chakum'mawa kwake, m'mphepete mwa nyanja, kuli paki ya Mágoè imene boma linakhazikitsa mu 2013. Njovu m'derali si za pachithunzi, zimalowa m'minda.

Mtengo: ndi wokwera kuposa konse, osati chifukwa cha malo ogona koma chifukwa cha mtunda ndi masiku. Tsiku lililonse lodikira galimoto ndi chakudya ndi pogona. Pa ndalama imene mwawerengera, onjezani ya masiku awiri amene simunawakonzere.

Kafikidwe: njira zilipo zitatu ndipo palibe yophweka. Yoyamba ndi ya kumpoto kwa nyanja, kudzera ku Fingoé m'boma la Marávia. Imadutsa m'dziko lakale la Undi, ndipo kwa Mchewa zimenezi zili ndi kukoma kwake, koma msewu ndi woipa, wofuna galimoto yamphamvu, ndipo ine ndinagona usiku uwiri panjira kudikira yoti indipitirize. Yachiwiri ndi ya pamadzi, pa maboti onyamula anthu ndi katundu, amene amanyamuka akadzaza ndiponso nyanja ikalola. Yachitatu ndi yozungulira koma yodalirika: kutulukira pa Cassacatiza kupita ku Katete, kapena kudzera ku Lilongwe ndi Chipata, n'kutsata msewu waukulu wa ku Lusaka mpaka pa mlatho wa Luangwa, kukhotera kumwera kukafika ku Feira, n'kuwoloka pa boti. Imeneyi imafuna pasipoti, ndipo muonetsetse kuti mwadinditsa mbali zonse ziwiri.

Zosamalira: zonse za ku Chicoa, kuwonjezapo matayala awiri apadera, mafuta a m'zigubu ndi mankhwala anu a tsiku ndi tsiku okwanira sabata yowonjezera. Mbiri ya kuno sinalembedwe pa zikwangwani. Ili m'kamwa mwa anthu, ndipo munthu sakufotokozera za makolo ake tsiku loyamba. Pitani kwa amfumu ndi kanthu m'manja, khalani pansi, bwereraninso mawa lake.

Zoopsa: mvuu pamathiriro a Luangwa n'zambiri, ndipo kuwoloka madzulo kapena pa boti lodzaza mopyola muyezo n'kuika moyo pachiswe. Poyenda m'tchire musapite opanda munthu wa komweko. Choopsa chachikulu ndi kutalika kwa thandizo: wina akadwala kwambiri kapena kulumidwa ndi njoka, chipatala chachikulu chili kutali, ndipo nthawi zambiri chapafupi chimakhala cha ku Zambia.

NDIYE MUSANKHE KUTI?

Ngati muli ndi tsiku limodzi, kapena mukuyenda ndi okalamba ndi ana aang'ono, pitani ku Boroma, mu Juni kapena Julayi, munyamuke kusanatenthe. Makwaya ndi magulu a mpingo ndimawalozeranso komweko. Pobwerera imani ku Tete muone linga la São Tiago Maior ndi mlatho wa Samora Machel, mudyeko ndi nyama ya mbuzi ya kuchigwa, yoleredwa ndi masau.

Aphunzitsi amene mukutenga kalasi, Songo ndiye yanu. Msewu ndi wabwino, chipatala chili pafupi, ndipo ana adzaona ndi maso zimene amangoloweza m'mabuku. Kalata ya chilolezo itsogole. Gulu la ana ambiri musapite nalo ku Chicoa kapena ku Zumbo, chifukwa maso a aphunzitsi awiri sangakwanire pagombe la ng'ona.

Anzanga a mbedza amene muli ndi masiku atatu kapena anayi, ndi ndalama zochepa koma thupi lolimba, sankhani Chicoa. Mukafuna mcheni piririrani kutentha kwa Seputembala, mukafuna kungopuma ndi kudya pende wowotcha pitani m'nyengo yozizira, koma muziwedza m'mawa mphepo isanadzuke. Amene ali ndi ndalama koma safuna kuvutika ndi pogona atha kuwedza nyanja yomweyi kuchokera ku malo a alendo a kufupi ndi Songo.

Zumbo ndi ya munthu amene ali ndi sabata yathunthu kapena kuposa, pasipoti, ndi mnzake mmodzi kapena awiri odekha mtima. Ulendo woyamba dzerani ku Zambia, njira ya ku Fingoé muisiyire tsiku limene mudzapeze galimoto ziwiri zoyendera limodzi. Amayi oyembekezera, odwala shuga kapena mtima, ndi aliyense amene Lolemba ayenera kukhala ali pantchito, adikire kaye mwezi wa tchuthi, pakadali pano ayambe ndi Boroma kapena Songo.